Maphunziro a Amisiri m'Dera la Fodya la kwa Simlemba

Mawu olankhulidwa kwa atsogoleri a m'madera ndi antchito a Boma kwa Simlemba, m'boma la Kasungu



Nkhani ya tsiku lino ndi ya amisiri, ndiye kuti anthu omanga nyumba, opala matabwa, owotcherera zitsulo ndi okonza mijigo ndi injini, ndiponso za m'mene Boma liyenera kuwaphunzitsira. Nkhani imeneyi kawirikawiri imakambidwa m'maofesi a ku Lilongwe ngati kuti ndi ya m'tauni, chonsecho kwao kwenikweni ndi kuno kwa Simlemba, kumene thukuta la banja la chaka chathunthu likhoza kupsa usiku umodzi kaamba ka paipi imodzi imene inalumikizidwa mosasamala.

Mlimi aliyense wa fodya wa fuluu adziwa chimene chikunenedwa. Fodyayu akathyoledwa amamangidwa pa mikangala n'kupachikidwa m'balani, ndipo kwa pafupifupi sabata yathunthu moto umayaka m'ng'anjo usana ndi usiku, kutentha n'kumayenda m'mapaipi. Kutenthako kumakwezedwa pang'onopang'ono kufikira tsamba litasanduka lachikasu ndi kuuma mpaka mtsempha wake wapakati. Utsi suyenera kukhudza tsambalo. Tsono paipi ikabooka, utsi umadetsa fodya kapena moto umalowa m'balani. Khoma likang'aluka, kutentha kumathawa, ndipo mlimi amathira nkhuni ngolo ndi ngolo m'dziko limene mitengo yake inatha kale. Chotero mtengo umene belo imakagulidwa ku okushoni ya ku Chinkhoma umakhala utayamba kuikidwa miyezi ingapo m'mbuyomo ndi womanga balani pamodzi ndi wokhoma mapaipi. Nayenso mlimi wa bale ali ndi chigafa, jeke yodindira mabelo ndi ngolo, ndipo chilichonse mwa zimenezi chimafuna mmisiri.

Boma la Kasungu linaonapo kale maphunziro a Boma ogwira mtima. M'zaka za m'ma 1970 bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority, limene linkayendetsedwa mothandizidwa ndi Commonwealth Development Corporation, linkaphunzitsa Amalawi kulima ndi kuwotcha fodya wa fuluu, ntchito imene kale anthu ankaiona ngati ya Azungu a m'maesiteti okha. Wophunzira ankaphunzira ali m'munda ndi pa balani, moyang'aniridwa ndi alangizi, kenaka n'kuyamba kulima payekha. Nzeru yake inali yakuti ntchito ya manja imaphunziridwa pamalo pamene ikugwiridwa.

Koma m'zaka zomwezo munachitikanso china chimene chiyenera kunenedwa mosabisa. M'mwezi wa April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi 74 ochokera ku migodi, ndipo Dr H. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu opita ku migodi ya ku South Africa. Amuna oposa 100,000 anabwerera kumudzi pa nthawi imene maesiteti a fodya anali kuchuluka, makamaka muno m'Kasungu. Maesitetiwo ankafuna manja ambiri olima, opalira ndi othyola, ndipo kufikira 1990 malamulo sankalola alimi wamba a m'midzi kulima fodya wa bale pa minda yawo. Zotsatira zake zinali zakuti anthu zikwizikwi anakalamba ali matenanti, odziwa fodya kuyambira ku nazale kufikira pa belo, koma opanda ntchito ina iliyonse m'manja mwawo. M'chaka cha 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la zolemba anthu ntchito n'kuthetsa utenanti. Lamulolo linali loyenera, komabe silinaphunzitse mwana wa tenanti kugwira sowo kapena levulo.

Gulu la Malawi Young Pioneers, limene linayamba mu 1963, linayesa kutseka mpata umenewu, pakuti m'malo ake ophunzitsira achinyamata ankaphunziramo ulimi, ndipo ena ukalipentala ndi kumanga. Gululi linadetsa mbiri yake ndi mfuti ndi kuopseza anthu, ndipo asilikali analilanda zida mu December 1993. Pamene linagwa, linagwa pamodzi ndi maphunziro ake, ndipo kwa zaka zambiri nyumba zake zinangokhala mabwinja.

Dongosolo limene lilipo tsopano linayamba mu 1999, pamene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe la TEVETA loyang'anira maphunziro a ntchito za manja ndi zamalonda. Olemba anthu ntchito amapereka msonkho wa K1 pa K100 iliyonse ya malipiro a antchito awo kuti ndalamazo ziphunzitsire amisiri. Makoleji aakulu a ntchito za manja amene dziko lakhala likudalira ndi asanu ndi awiri: Soche, Nasawa, Namitete, Lilongwe, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia, kumene Dr Robert Laws anayamba kuphunzitsa ukalipentala, kumanga ndi kusindikiza mabuku atasamukira ku Khondowe mu 1894. Mwa makoleji asanu ndi awiri amenewa palibe ndi imodzi yomwe imene ili m'Kasungu, boma limene pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu oposa 800,000. Kuchokera pa boma la Kasungu kukafika ku Lilongwe ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 130, ndipo wa kwa Simlemba ayenera kuyamba wafika kaye pa bomapo.

Mtunda ndi vuto laling'ono poyerekeza ndi khomo lolowera. Makoleji aakuluwa amafuna setifiketi ya MSCE, ndipo achinyamata ambiri a m'midzi ya fodya anasiya sukulu asanafike Fomu 4, ena chifukwa cha fizi, ena chifukwa nyengo yosoka ndi yosankha fodya inawachotsa m'kalasi. Ndiye kuti dongosolo limene linakonzedwera munthu wa ntchito za manja limatsekera kunja munthu amene ali ndi manja okhawo. Mu 2015 Boma linayamba kutsegula makoleji a m'madera, kuyambira ku Ngara m'boma la Karonga, pa malo amene kale anali a Young Pioneers, ndi cholinga chakuti boma lililonse likhale ndi koleji yake. Limeneli linali ganizo labwino. Komabe koleji imodzi m'boma lalikulu ngati Kasungu ili ngati chitsime chimodzi cha midzi khumi, ndipo amene amamwa madzi oyera ndi okhala pafupi.

Kodi tsono kwa Simlemba kulibe amisiri? Alipo, ndipo aliyense wokhala pano akhoza kuwatchula maina. Pa malo ochitira malonda pali mnyamata amene amamasula injini ya njinga yamoto ya kabaza n'kuibwezeretsa dzuwa lisanalowe. Pali kalipentala wa pansi pa mtengo wa mango amene wakhoma zitseko ndi mabokosi a maliro a mudzi wonse. Pali womanga amene anaphunzira kwa amalume ake, iwonso ataphunzira pa esiteti. Anthu amenewa ali kale aphunzitsi, pakuti aliyense ali ndi mnyamata womuthandiza amene akuba ntchito ndi maso. Chimene alibe ndi chiphaso. Kontalakita akabwera kudzamanga chipinda cha sukulu, amabwera ndi amisiri ake ochokera kutauni, ndipo womanga wa m'mudzimo amalembedwa ngati wopondaponda matope ndi wotunga madzi, n'kumalandira malipiro a munthu wosadziwa kanthu. Akatopa nazo amagulitsa mbuzi n'kukwera basi ya ku Joni, kumene amakamanga nyumba za eni ake, alibe chiphaso ngakhale kumenekonso.

Njira yowapatsira chiphaso ilipo ndipo si yachilendo. Kwa zaka zambiri Unduna wa Zantchito unkayesa amisiri mayeso a Trade Test, kuyambira Giredi 3 kukwera mpaka Giredi 1, mayeso amene ankaona zimene manja a munthu akhoza kuchita. Nalonso bungwe la TEVETA lili ndi njira yovomerezera luso limene munthu analipeza kunja kwa sukulu. Chovuta n'chakuti mmisiri wa kumudzi sadziwa tsiku la mayeso, malo ake, kapena ndalama zofunika, ndipo sangatseke shedi yake sabata yathunthu kukafunsa zimenezi kutauni. N'chapafupi kuti oyesa awiri abwere kwa Simlemba ndi zipangizo zawo kusiyana ndi kuti amisiri makumi atatu apite kumene kuli oyesawo. Apa m'pamene pali ntchito ya antchito a Boma, ndipo ndi ntchito ya kalata ndi kaundula, yosafuna ndalama za kunja.

Palinso chifukwa china chofulumirira. Fodya akadali mbewu yaikulu yobweretsa ndalama zakunja, koma ogula ake m'maiko ambiri akucheperachepera, ndipo mtengo wake umaikidwa ndi anthu amene sanaonepo munda wa kwa Simlemba. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Mlimi akasintha n'kuyamba soya, mtedza kapena ulimi wothirira, adzafuna wokonza mpope woyendera dzuwa, woika mawaya a magetsi ndi wokonza makina osenda ndi oyenga mafuta. Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu January 2021, amanena za ulimi wa malonda ndi mafakitale, ndipo zonsezi sizingayende ngati mpope ukaonongeka mlimi ayenera kudikira mmisiri wochokera ku Lilongwe pamene mbewu zikufota. Atsikana asaiwalidwe pa nkhani imeneyi. Mtsikana amene amatha kusiyanitsa magiredi a fodya ndi maso ndi zala zokha sangalephere kusiyanitsa mawaya a magetsi, ndipo si bwino kuti aliyense wa iwo azingotumizidwa ku telala ngati kuti ntchito zina zinaletsedwa.

Chotero atsogoleri a m'madera ndi makomiti a chitukuko a m'midzi akupemphedwa kuti, mothandizana ndi mafumu, alembe m'kaundula amisiri onse a m'dera lino: dzina, mudzi, ntchito imene amagwira, zaka zimene waigwira, ndi achinyamata amene akuwaphunzitsa. Kaundulayo apite kwa mkulu wa zantchito pa boma ndi ku Khonsolo, pamodzi ndi pempho lakuti mayeso adzachitikire konkuno, m'nyengo yachilimwe pamene fodya wagulitsidwa ndipo anthu ali ndi ndalama yolipirira. Makhansala nawonso, pokambirana za ntchito zolipiridwa ndi thumba la CDF, aziyamba afunsa kontalakita kuti mwa amisiri a m'kaundulayo alemba angati, ndipo yankho lake lizilembedwa m'mgwirizano asanasainirane.