MMISIRI WA MAGETSI NDI CHIPHASO CHAKE

Mau olankhulidwa kwa ophunzira a Sukulu za Kwacha ku Nkhotakota

Lero tikambirane za mmisiri wa magetsi. Nkhaniyi ikukhudza inu amene mwaphunzira kuwerenga, chifukwa mmisiri weniweni amadziwika ndi pepala limene ali nalo, ndipo pepalalo tsopano mungathe kuliwerenga nokha.

Magetsi ambiri a dziko lino amachokera ku mtsinje wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Makina a ku Nkula adayamba kugwira ntchito mu 1966. Kuyambira 2017, amene amapanga magetsi kumeneko ndi a EGENCO, ndipo a ESCOM ndiwo amawagawa kwa anthu. Kudzera m'ntchito ya boma ya MAREP, mawaya afika pa misika yambiri ya kumidzi. Koma dziwani ichi: a ESCOM amalekezera pa mita. Kuchokera pa mita kulowa m'nyumba, m'sitolo kapena m'chigayo, udindo ndi wa mwini wake. Apa m'pamene pamafunika mmisiri.

Kodi munthu amakhala bwanji mmisiri wovomerezeka? Poyamba amaphunzira ku sukulu ya ntchito zamanja, monga Salima Technical College. Maphunziro otere amayang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA, limene lidakhazikitsidwa mu 1999. Kumeneko amaphunzira kuwerenga mapulani a nyumba, kuwerengera mphamvu ya magetsi ndi kuyesa mawaya. Akakhoza mayeso, amakapempha chiphaso ku bungwe la MERA, limene limayang'anira za magetsi ndi mafuta m'dziko muno. Ziphaso sizifanana. China chimalola ntchito zazing'ono za m'nyumba, china chimalola ntchito zikuluzikulu. A ESCOM asanalumikize nyumba, amafuna umboni woti amene adaika mawaya ali ndi chiphaso.

Ntchito ya mmisiri kwathu kuno imatsata ulimi ndi usodzi. Wogaya mpunga wa ku Bua amamufuna. Wogulitsa chambo amamufuna kuti firiji yake iyake bwino. Wowotcherera zitsulo, wometa tsitsi ndi mlimi wa nzimbe wa ku Dwangwa amene wamanga nyumba ya malata, onsewa amamufuna. Ntchito imachuluka anthu akakolola ndi kugulitsa mbeu zao. Nthawi ya dzinja ndalama zimasowa, ndipo mmisiri wanzeru amasungako za nthawi imeneyo. Zipangizo zina amakazigula kutali, ku Salima kapena ku Lilongwe, ndipo ulendo umenewo umadya ndalama.

Chimene chimamuvuta kwambiri ndi anthu opanda chiphaso amene amatchula mtengo wotsika. Ambiri timathamangira kwa iwo. Tiyeni tione chimene timataya tikatero.

Choyamba ndi kukula kwa waya. Waya wa mababu ndi wa mamilimita 1.5, koma wa masoketi ndi wa mamilimita 2.5. Manambala amenewa amalembedwa pa mpukutu wa waya. Munthu wofuna phindu lalikulu amaika waya wamng'ono paliponse. Mukalumikiza mbaula kapena simbi, wayayo amatentha, chikopa chake chimasungunuka, ndipo moto umabuka kudenga anthu ali m'tulo.

Chachiwiri ndi waya wopita pansi, amene amisiri amamutcha kuti earth. Ameneyu ndi wobiriwira, kapena wobiriwira ndi wachikasu. Amamangidwa ku chitsulo chokhomedwa m'nthaka. Firiji ikaonongeka mkati, magetsi amathawira pansi kudzera mwa iye, m'malo modzera m'thupi la mwana amene wagwira chitseko chake. Kuno kunyanja malo ambiri ndi amchenga, ndipo mchenga wouma sulandira magetsi msanga. Mmisiri wodziwa amakhoma chitsulo chachitali kufikira pa dothi lonyowa, kenaka amayesa ndi makina ake. Wosadziwa amangobisa waya mumchenga, n'kulandira ndalama, n'kumapita.

Chachitatu ndi chigayo. Mota ya chigayo chachikulu imafuna magetsi a mawaya atatu amoto, ndiponso chipangizo choizimitsa pamene waya mmodzi wasiya kubweretsa moto. Popanda chipangizo chimenechi mota imapsa. Ndalama za mpunga wa chaka chonse zimathera pomwepo.

Akuluakulu adati, safunsa adadya phula. Choncho musanalembe mmisiri ntchito, chitani zinthu zinayi izi:

1. Mupempheni chiphaso chake cha MERA. Werengani dzina, nambala ndi tsiku. Dzinalo lifanane ndi la pa chitupa chake cha unzika.

2. Akulembereni pa pepala zipangizo zonse ndi mitengo yake, ndipo malipiro ake alembedwe pa okha.

3. Zipangizo zikafika, werengani manambala ake ndi kuyerekeza ndi zimene zidalembedwa.

4. Mukapereka ndalama, landirani risiti. Musasaine pepala limene simunaliwerenge.

Mmisiri woona sakwiya mukamfunsa zimenezi, pakuti pepala limamteteza iyenso. Mukagwirizana polemba, palibe amene angadzakane mawa kuti sanalonjeze kapena sanalandire.

Ndinenenso za ngozi. Magetsi a m'nyumba ndi a mavoti 230, ndipo amapha. Munthu akagwidwa ndi magetsi, musamkhudze ndi manja. Thamangani mukazimitse switchi yaikulu. Ngati ili kutali, mkankheni ndi mtengo wouma, inu mutaima pouma, ndipo mupite naye kuchipatala msanga. Moto wa magetsi musauthire madzi. Zimitsani switchi, kenaka thirani mchenga. Mukaona waya wa ESCOM wagwa pansi, musayandikire, letsani ana, ndipo dziwitsani a ESCOM. Kukoka magetsi kwa mnansi kapena kudumphitsa mita ndi mlandu, ndiponso kwaphetsa anthu.

Pomaliza, mau kwa inu makolo. Ntchito imeneyi imafuna mwana wodziwa masamu ndi kuwerenga. Mtsikana angaiphunzire monga mnyamata. Mwana amene mwamchotsa m'kalasi kuti azikapalasa bwato sangadzalandire chiphaso chimenechi. Musungeni pa sukulu, kuti mawa chigayo cha pamudzi panu chidzakonzedwe ndi mwana wa pamudzi pomwepo.



Mafunso okambirana

1. Kodi udindo wa ESCOM umalekezera pati?

2. Ndi bungwe liti limene limapereka chiphaso kwa mmisiri wa magetsi?

3. Chifukwa chiyani chitsulo cha earth chiyenera kulowa pansi kwambiri kuno kunyanja?

4. Lembani m'kope mwanu zinthu zinayi zoti muchite musanalembe mmisiri ntchito.