KUSANKHA BUKU LA KAPHIKIDWE KA NDIWO ZA M'MUNDA

Mau okambidwa kwa amai ndi abambo a m'midzi ya ku Petauke ndi ku Nyimba

M'nyumba zambiri za m'maboma a Petauke ndi Nyimba nyama sidyedwa tsiku ndi tsiku ai. Nkhuku iphedwa pakafika mlendo, mbuzi pa ukwati kapena pa maliro, koma masiku ena onse nsima itsika ndi ndiwo za m'munda ndi za m'dimba. Ku England anthu osadya nyama anakhazikitsa bungwe lao m'caka ca 1847, ndipo kuyambira pamenepo mabuku ambiri alembedwa a kaphikidwe kopanda nyama. Kuno bungwe lotere silifunika, pakuti mai wa ku Minga kapena wa kwa Mfumu Ndake adziwa kale njira zambiri zophikira masamba, zina zimene olemba mabuku a kunja sanazimvepo.

Komabe masiku ano mabuku afika m'midzi. Lina libwera ndi mwana wogwira nchito ku Lusaka, lina ligulidwa ku chalichi, timapepala tina tiperekedwa ku sikelo ya ana, ndipo maphikidwe ena aoneka pa foni. Tsono banja liyenera kudziwa buku loyenera ndalama zace ndi buku longokongola zithunzi. Nkhaniyi si yaing'ono. Kafukufuku wa Boma wa m'caka ca 2018 anapeza kuti mwa ana 100 a m'Zambia osafika zaka 5, ana 35 anali opinimbira. Buku losankhidwa molakwa litaya ndalama, ndiponso lingathe kusokeretsa mai pa kadyetsedwe ka mwana wace. Pali mafunso 5 amene munthu angafunse asanaturutse ndalama m'thumba.

Kodi ndiwo zace zimera kuno?

Wogula atsegule buku pakati, awerenge maphikidwe khumi, naone kuti mwa khumiwo ndi angati amene angawaphike ndi zinthu za m'munda mwace kapena za pa msika wa pa boma. Ngati safika asanu, bukulo alisiye. Mabuku ambiri a ku Ulaya ndi ku America afuna cizi, mafuta a azitona ndi masamba osadziwika kuno. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Buku labwino la kuno lichula mnkhwani, bonongwe, khwanya, citambe, kholowa, cigwada, luni, cisoso ndi therere, pamodzi ndi nyemba, khobwe, nandolo, nzama, soya ndi nsinjiro.

Pamenepa maina asasokoneze munthu, cifukwa ndiwo imodzi ikhala ndi maina ambiri. Mnkhwani ndiwo ciwawa, ndipo ku Lusaka auchula cibwabwa. Kholowa ndiye kalembula, cigwada ndico katapa, bonongwe ndiye bondwe, ndipo ndiwo zotendera m'mabuku ambiri a m'Zambia zilembedwa ndi dzina la Cibemba lakuti ifisashi. Buku lokhala ndi maina a m'zinenero zingapo ndi zithunzi zooneka bwino lipambana linzace.

Kodi lidziwa miyezi yonse ya caka?

Kuyambira December kufikira April masamba acuruka, ndipo aliyense angathe kuphika bwino. Kuyambira May repu, mpiru, kabici ndi matimati za m'dimba zithandiza iwo amene ali pafupi ndi madzi. Bvuto lifika mu October ndi November, pamene dzuwa latentha, zitsime zaphwa, ndipo mvula isanagwe. Buku lothandiza ndi lija limene liganizira miyezi imeneyi ndi kuphunzitsa kufutsa.

Mfutso wabwino ucokera ku masamba anthete othyoledwa m'mawa. Atsukidwe, abviikidwe kanthawi kocepa m'madzi owira a mcere pang'ono, kenaka ayanikidwe pa mphasa yoyera kapena pa thandala, pamthunzi popita mphepo. Dzuwa la pamtunda liumitsa msanga, koma licotsa msipu wa masamba ndi kuononga mavitamini ena. Atauma gwa asungidwe m'cikwatu kapena mu mtsuko wobvundikira bwino, kutali ndi cinyezi. Cilala ca m'caka ca 2024 cinakumbutsa mabanja ambiri kuti khobwe, nandolo ndi cinangwa zipirira dzuwa koposa cimanga, ndi kuti nyumba yokhala ndi mfutso sigona ndi nsima yopanda ndiwo.

Kodi zakudya zace zikulitsa thupi?

Masamba ateteza thupi ku matenda, koma paokha sakwanira kukulitsa mwana kapena kulimbitsa mlimi. Zomanga thupi, zimene asing'anga azichula mapuloteni, zipezeka zambiri mu mbeu za mtundu wa nyemba. Pa magawo 100 a nsawa zouma, magawo ngati 25 ndi mapuloteni. Nyemba zouma ziri ndi oposa 20, soya oposa 35, pamene cimanga sicifika 10. Ndiponso mapuloteni a m'cimanga ngoperewera zina zimene nyemba ndi khobwe ziri nazo, kotero nsima ndi nyemba zikwaniritsana.

Mai wina wa ku America, Frances Moore Lappé, anafalitsa mfundo imeneyi m'buku lace lochedwa Diet for a Small Planet m'caka ca 1971. Poyamba anaphunzitsa kuti mbeu ziwirizi zidyedwe pa mbale imodzi, koma posindikizanso bukulo mu 1981 anakonza mauwo, pakuti cofunika ndico kudya zamitundu-mitundu pa tsikulo. Makolo a kuno anacita zimenezi asanaone buku. Kutendera ndiwo ndi nsinjiro kuonjezera mapuloteni, ndiponso mafuta a m'nsawa athandiza thupi kulandira vitamini A wa m'masamba, amene popanda mafuta ambiri angopita pacabe. Motero buku limene lidzaza masamba ace ndi ndiwo zosaphika ndi madzi a zipatso, nilisiya nyemba ndi nsawa, silinalembedwere munthu wogwira khasu.

Kodi likumbukira ana ndi amai apakati?

Funso ili ndilo lalikuru koposa onse. Mabuku ena aletsa nyama yokha, koma ena aletsanso mazira, mkaka ndi nsomba. Munthu wamkuru wosankha kudya motero cifukwa ca cipembedzo kapena cifukwa cina ali ndi ufulu. Koma adziwe kuti pali vitamini wina, B12, amene sapezeka mokwanira m'masamba, m'nyemba kapena m'cimanga. Vitamini ameneyu apanga magazi ndi kulimbitsa mitsempha ndi bongo, ndipo akasowa mwana afooka, nacedwa kukula ndi kuphunzira. Anthu a m'maiko olemera osadya za nyama amamwa mapilitsi a vitaminiyu. Banja la pamudzi lopanda mapilitsi lisamane mwana dzira, mkaka, kapenta wosinja, ngumbi kapena mphalabungu cifukwa ca mau a m'buku. Mai wapakati ndi woyamwitsa asamalidwe cimodzimodzi, ndipo wokayika afunse anamwino a ku cipatala.

Buku labwino linenanso kuti mwana ayamwe bere lokha kwa miyezi 6, ndipo pambuyo pace apatsidwe phala lolimbirako, losayenderera pa supuni, lothiramo nsinjiro, ufa wa soya wokazinga kapena mfutso wosinja, uku akuyamwabe. Phala lamadzi likhutitsa mimba koma silikulitsa. Nthoci, zimene Nyimba achuka nazo pa mseu waukuru wa ku Chipata, zisathere kwa apaulendo okha. Zina zitsale za ana pakhomo, pamodzi ndi mapapaya, mango ndi maungu.

Kodi licenjeza za zoopsa?

Wolemba wodziwa nchito yace sabisa zoopsa. Cigwada ciri ndi ululu umene ucoka pokha-pokha cikasinjidwa bwino ndi kuwiritsidwa mokwanira mu mphika wosabvundikira. Nyemba zibviikidwe ndi kuwira kolimba kufikira zitapsa, ndipo soya asadyedwe wamuwisi. Nsawa zofwifwa, zonyala kapena zacuku zitayidwe zisanalowe mu mtondo, cifukwa cuku cibala ululu wochedwa aflatoxin umene uononga ciwindi ndipo sutha ndi moto wophikira. Bowa wa kuthengo asasankhidwe poyang'ana cithunzi ca m'buku ai, koma azuridwe pamodzi ndi munthu wamkuru amene audziwa bwino.

Pa nkhani ya cidulo ndi soda, nzoona kuti zifewetsa masamba ndi kukoletsa therere, koma zionononga mavitamini C ndi B. Kwa therere cidulo cikhale cocepa, ndipo masamba anthete sacifuna konse. Ndiwo ziphikidwe ndi madzi ocepa, kanthawi kocepa, ndipo msuzi wace usatayidwe. Matimati, ndimu, malambe ndi bwemba zithandiza thupi kutenga citsulo ca m'masamba ndi m'nyemba cimene cipanga magazi, pamene tiyi womwera pa cakudya acepetsa citsuloco. Mcere ukhale uja wothiramo ayodini, woteteza ku cithokomiro.

Potsiriza wogula ayang'anenso miyeso. Buku loyesa ndi sikelo, ndi kufuna uvuni wa magetsi ndi makina ogayira, libvuta mai wophika pa mafuwa kapena pa mbaula. Loyenera ndi lija loyesa ndi kapu, supuni ndi dzanja.

Mabuku odziwika

Pali mabuku angapo amene ayankha bwino ena mwa mafunso amenewa, ngakhale kuti si onse a masamba okha. Loyamba ndi Useful Plants of Nyasaland la Jessie Williamson, losindikizidwa ku Zomba mu 1955, nilikonzedwanso mu 1975 ndi dzina lakuti Useful Plants of Malawi. Lichula zomera zambiri-mbiri ndi maina ace a Cinyanja, ndi kunena m'mene amai a m'midzi aziphikira. Popeza zomera zambiri za ku Malawi zimeranso kuno kum'mawa kwa Zambia, lithandiza kwambiri aphunzitsi ndi alangizi. The Malawi Cookbook, la Annabel Shaxson, Pat Dickson ndi June Walker, la m'zaka za m'ma 1970, lisakaniza maphikidwe a kumudzi ndi a cizungu.

Kuno kwao kuli Zambian Cookbook la Sylvia Banda ndi Hector Banda. Mai Banda adziwika ndi nchito yao yophunzitsa alimi kuumitsa ndiwo zamakolo mwaukhondo ndi kuzigulitsa m'matauni. Pa za ana, bungwe la Boma la National Food and Nutrition Commission, lokhazikitsidwa mu 1967, pamodzi ndi bungwe la FAO anaturutsa kabuku ka zakudya za ana oyamwa mu 2007. Ndipo mu 2021 Unduna wa za Malimidwe unaturutsa malangizo a kadyedwe a dziko lonse, amene agawa zakudya m'magulu 6: zokhutitsa monga cimanga, mapira ndi mbatata, masamba, zipatso, nyemba, nsawa ndi njere zina, mkaka, ndiponso nsomba, tizilombo todyedwa ndi nyama. Malangizowa ndiwo muyeso woyesera buku lina lirilonse.

Mabuku amenewa analembedwa m'Cingerezi, ndipo akalewo sapezeka kawiri-kawiri m'masitolo. Nkwanzeru kuti gulu la amai lipeze buku limodzi, mwana wa sukulu kapena mlangizi awerenge ndi kumasulira, amai nayese kuphika pamodzi. Akumbukirenso kuti buku lakale silidziwa zatsopano. Mwacitsanzo, cimanga ca mtundu wa lalanje cokhala ndi vitamini A cinayamba kufalitsidwa m'Zambia mu 2012, ndipo akatswiri ataciyesa pa ana a ku Nyimba komweko anapeza kuti cionjezeradi vitaminiyo m'thupi.

Buku la pakhomo

Buku lopambana onse banja lingathe kulilemba lokha. Kope la sukulu ndi pensulo zikwanira. Mwana wodziwa kulemba akhale pansi ndi ambuye ace, alembe dzina la ndiwo iriyonse m'Cinsenga ndi m'Cinyanja, mwezi umene ipezeka, malo amene imera, kaphikidwe kace ndi kafutsidwe kace. Tsamba lirilonse likhale la mwezi wace, kuti banja lione msanga miyezi yosowa ndiwo ndi kukonzekeratu. Cabwino cimene capezeka m'buku logula cilembedwemo pambuyo poyesedwa ndi kukondedwa ndi ana.

Abambo nawo ali ndi gawo lao. Buku silingaphike nsawa zimene zagulitsidwa zonse. Pokolola, mwini munda apatule matumba a pakhomo asanaitane wogula, asiyire mkazi wace mizere ya khobwe ndi maungu m'munda wa cimanga, ndiponso achinge dimba kuti mbuzi zisathe ndiwo. Zikatero mphika wa ndiwo sudzasowa coikamo kuyambira masika kufikira mvula yoyamba.