KHITCHINI NDIYO SUKULU YOYAMBA YA MWANA
(Mawu amene anayankhulidwa pa chikondwerero cha Mvano kwa Mphuka, Thyolo)



Ambiri a ife timalawirira m'mamawa, dengu kumsana, kukathyola tiyi ku esiteti. Pobwera madzulo titatopa, timapeza mwana wadetsa malaya ndi dongo, ndipo msanga timagwira mkwapulo. Amayi, tiyeni tiganize bwino. Pa Eksodo 31 timawerenga za Bezaleli, amene Mulungu anampatsa nzeru za ntchito ya manja. Kapena mwana amene tikumukalipirayo walandira mphatso yomweyo.

Tiri ndi zinthu zitatu zimene tingachite ndi ana athu Loweruka masana, popanda kugula kanthu kusitolo.

Choyamba ndi tiyi wathu yemweyu. Wiritsani masamba ambiri kuti tiyi akhale wakuda bii, muziziritse ndi kumugawa m'zitini zitatu. M'chitini choyamba musaikemo kanthu. M'chachiwiri finyiranimo ndimu: mtundu uja uyera ana akuona. M'chachitatu ponyanimo misomali ya dzimbiri ndi kudikira masiku awiri: madziwo ada ngati inki. Chifukwa chake n'chakuti mu tiyi muli tanini, chinthu chimene chimamata m'kamwa tiyi akapyola, ndipo tanini akakumana ndi chitsulo amada. Kale ku Ulaya alembi ankakopera Baibulo pamanja ndi inki ya tanini ndi chitsulo. Mwana asongole nthenga ya nkhuku, ajambule Phiri la Thyolo ndi mitundu itatuyo.

Chachiwiri ndi chidede. Madzi ake ofiira mukawathira chidulo pang'ono amasanduka obiriwira. Mukafinyiramo ndimu kufiira kumabwerera. Chowawasa ndi chidulo zimakokerana mtundu. Ana a sekondale amaphunzira zomwezi m'mabotolo a galasi, pamene ife tiri nazo pamafuwa.

Chachitatu ndi dongo. Mwana aumbe ng'ombe ziwiri, ina aiyanike padzuwa, ina pamthunzi. Kawirikawiri ya padzuwa imang'aluka, pakuti kunja kumauma ndi kufota m'kati mukadali madzi. N'chifukwa chake agogo athu ankaumitsa miphika m'nyumba asanaiotche.

Tichenjere: moto ndi madzi otentha azigwira ndi mayi, chidulo chisafike m'maso, ndipo inki ija si yakumwa.

Koposa zonse, mwana akafunsa kuti, "Amayi, chifukwa chiyani?" tisamuyankhe kuti, "Choka apa, ukundisokosa." Tikhale naye pamphasa, timufunse zimene iye akuganiza, tiyesenso limodzi. Akulu anati m'mera m'poyamba. Mwana wozolowera kuyang'anitsitsa ndi kufunsa kunyumba sadzaopa kukweza dzanja m'kalasi.

Tikadzakumananso mwezi wamawa, mayi aliyense abwere ndi chithunzi chimodzi chimene mwana wake wajambula, tidzazipachike pakhoma la tchalitchi.

Ambuye adalitse mabanja athu.