Shaki Wandevu ndi Kaligono wa M'nyanja Yathu

Lero tikamba za nsomba zimene zimapeza chakudya pogona chete pansi pa madzi, ndiponso za maina amene anthu anazitcha.

Masiku ano ana athu amaona nsomba za m'nyanja ya mchere pa wailesi yakanema. Akafunsa dzina, ife makolo timangoti "shaki", ngati kuti shaki ndi wamtundu umodzi. Koma mitundu yake ikupitirira 500, ndipo ina sisambira mwaukali monga timaonera pa kanema.

Kugombe la Australia, Indonesia ndi Japan kumapezeka shaki wotchedwa wobbegong, amene ali ndi mitundu 12. Thupi lake ndi laphwatalala, lamaŵangamaŵanga ngati kapeti wa m'nyumba, ndipo nchifukwa chake Angerezi amamutcha shaki wa kapeti. Mozungulira kamwa lake muli mphonje za khungu zonga ndere. Akagona pakati pa miyala, diso silimusiyanitsa ndi malo amene wagonapo. Kumbuyo kwa maso ali ndi timabowo tokokera madzi, kotero amapuma bwinobwino osasuntha. Kansomba kakayandikira, iye amayasamula mwadzidzidzi nkukameza. Wamkulu amafika mamita 3. Salimbana ndi anthu, koma womuponda amamuluma, ndipo akaluma sataya msanga.

Dzina loti wobbegong akuti linachokera m'chilankhulo china cha eni nthaka a ku Australia, ndipo limanena za ndevu zanyankhalala. Akatswiri a sayansi amaika nsombazi m'banja la Orectolobidae. Mbale wake ndi whale shark, nsomba yaikulu kuposa zonse pa dziko lapansi, imene imaoneka kaŵirikaŵiri ku Tofo, pafupi ndi Inhambane m'dziko la Mozambique.

Tsono wina afunsa kuti, kodi zimenezi zikutikhudza bwanji ife a ku Malaŵi, amene tilibe nyanja ya mchere? Yankho lili m'nyanja yathu yomwe. Muli nsomba yotalika ngati masentimita 25, yoyera ndi maŵanga ofiirira, imene asayansi amati Nimbochromis livingstonii. Nsombayi imagona chammbali pamchenga, zii, ngati yafa ndipo yayamba kuola. Tinsomba tikabwera kudzajompha mtembowo, wakufayo amadzambatuka nkugwirapo kamodzi. Kenneth McKaye, amene anafufuza nsombayi ku Cape Maclear, analemba za khalidwe limeneli mu 1981. Koma asodzi athu anali atalidziŵa kalekale, pakuti dzina limene anaitcha ndi kaligono, ndiye kuti wogona.

Taonani kusiyana kwa matchulidwe. Mngerezi anaona maŵanga nati kapeti. Eni nthaka a ku Australia anaona ndevu. Msodzi wa kwathu anakhala m'bwato nthaŵi yaitali kufikira anazindikira machenjera a nsombayo, ndipo dzina analitenga pa khalidwe lake. Nayenso wasayansi anaika dzina la David Livingstone, limene silinena kanthu za nsombayo.

Chicheŵa sichisoŵa mau okambira nkhaniyi. Tili ndi kulalira, monga achitira mlenje podikira nyama. Tili ndi kudzizimbaitsa, ndipo birimankhwe timamudziŵa tonse. Ndevu za nsomba timaziona tsiku ndi tsiku pa mlamba, kampango ndi nkholokolo, zimenenso zimakonda pansi pa madzi, ngakhale kuti izo ndevuzo zimafufuzira nazo chakudya mumdima ndi m'matope. Choncho mwana akafunsa za wobbegong, tingathe kumuuza kuti ndi shaki wandevu, wolalira ngati kaligono, ndipo adzamva.

Nkhaŵa yathu ili pa maina. Bungwe la Chichewa Board linakhazikitsidwa mu 1972, ndipo mu 1996 ntchito yosamalira zilankhulo inapita ku Centre for Language Studies ku Zomba. Koma palibe ofesi imene ingasunge dzina limene anthu aleka kulitchula. Mwana wa m'tauni amadziŵa chambo, usipa ndi matemba, zina zonse amangoti nsomba. Dzina ngati kaligono likaiŵalika, chimatayika ndi chidziŵitso chonse chimene makolo anachimanga m'menemo.

Kotero inu amayi ndi abambo a ku Chitawira, mukapita kukagula ndiwo ku msika wa Limbe kapena wa Blantyre, funsani wogulitsa dzina la nsomba iliyonse, ndipo mukauze ana pakhomo. Inu asodzi a ku Mangochi, Salima, Nkhotakota, Nkhata Bay, Likoma ndi Karonga, tilembereni maina amene mumatchula kwanuko, a m'Chiyao, m'Chitonga kapena m'Chinkhonde, pamodzi ndi tanthauzo lake. Tsalani bwino.