Laputopu Yafika Pakhomo: Tiikemo Sisitema Yanji?



Lero tikambirana za laputopu. Ena mwa inu mwagulitsa nandolo ndi chimanga, mwasunga ndalama, ndipo mwagulira mwana makina aŵa kuti apite nawo ku sukulu ku Mocuba kapena ku Quelimane. Ena mwagulira gulu la alimi kuti lizilembamo maina ndi makilo a mbeu. Ndalama zimenezo ndi thukuta la chaka chathunthu. Nchifukwa chake sitifuna kuti muzingoima chete pamene mnyamata wokonza makompyuta akutsegula makina anu nanena kuti, "Ndiifomata." Tifuna mudziŵe chimene akuchita, ndipo muzimufunsa.

Tiyambe ndi liu limodzi. Tiŵerenge pamodzi: si-si-te-ma. Pa Chipwitikizi amati sistema operativo. Kodi sisitema nchiyani? Ambiri a inu mudagwirapo ntchito m'minda ya tiyi, kuno kapena kutsidya ku Mulanje, ndipo kapitao mumamdziŵa. Iye ndiye amagaŵa ntchito: uyu apite mzere uwu, uyo akayeze masamba. M'laputopu muli mabatani, galasi, batire ndi disiki yosungira zolemba. Zonsezi nzitsulo chabe. Sisitema ndiye kapitao wake. Mukadina batani, ndi sisitema imene imauza galasi kuti lionetse chilembo. Popanda iyo, makina ayaka koma sagwira ntchito iliyonse.

Ife kuno ku Milange tili pamalire. Malaputopu ambiri amene timagula amaloŵera pa Muloza, kuchokera ku Limbe, ku Blantyre, ena ku Johannesburg. Kwa ife ndi atsopano, koma ambiri adagwirapo kale ntchito m'manja mwa anthu ena. Amabwera akulankhula Chingerezi, pamene mwana wathu amaphunzira m'Chipwitikizi. Ena amabwera ndi mau achinsinsi a mwini wake wakale. Ena ngatsopanodi, a m'katoni, koma mukawayatsa muona mdima ndi timalemba toyera basi. Musachite mantha, sadafe. Adagulitsidwa opanda Windows kuti mtengo utsike, ndipo akudikira kuti muikemo sisitema.

Palinso nkhani ya zaka. Sisitema imene ili m'makina ambiri akale ndi Windows 10, ya kampani ya Microsoft. Pa 14 Okutobala 2025 kampaniyo idasiya kutumiza zigamba za nthaŵi zonse zotsekera mabowo a Windows 10. Idangosiya njira yapadera yowonjezera chaka chimodzi, kufikira Okutobala 2026, kwa amene adalembetsa. Makina otere amayakabe, amalembabe. Koma ali ngati nkhokwe imene mwini wake wasiya kumata: anankafumbwe sachedwa kupeza poloŵera. Anankafumbwe a m'kompyuta ndi mavairasi ndi akuba a pa intaneti, amene amafuna manambala achinsinsi a ku banki, a M-Pesa ndi a e-Mola.

Nanga tiikemo chiyani? Njira zilipo ziŵiri.

Ina ndi Windows 11, imene idatuluka mu 2021. Imafuna makina amphamvu pang'ono: memori ya magigabaiti 4, disiki ya magigabaiti 64, ndi kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Malaputopu ambiri akale imawakana. Windows njogula. Koma ngati laputopu idachokera nayo ku fakitale, chilolezo chake kaŵirikaŵiri chimakhala chosungidwa m'makina momwemo, ndipo mukaikanso mtundu womwewo simulipira kachiŵiri. Wina akakuuzani kuti ali ndi Windows yaulere "yothyola loko", kanani. Amene adathyola loko kuti inu muloŵe, nayenso angathe kuloŵa.

Njira inayo ndi Linux. Adaiyamba mu 1991 mnyamata wa pa yunivesite ku Finland, dzina lake Linus Torvalds, ndipo anthu a maiko ambiri akhala akuiwonjezera. Njaulere. Mungathe kuikopera mnzanu popanda mlandu uliwonse. Ili ndi mitundu yambiri, koma wotchuka kwambiri ndi Ubuntu, umene Mark Shuttleworth wa ku South Africa adautulutsa mu 2004. Dzinalo silachilendo kwa ife. Ubuntu wa Azulu ndi Axhosa ndi umunthu womwewo umene agogo amatiphunzitsa. Ubuntu 24.04, wa mu Epulo 2024, adaulonjeza zigamba zaulere kwa zaka zisanu. Ngati makina ali ofooka kwambiri, Linux Mint njopepukirapo.

Maganizo athu ndi aŵa. Ngati laputopu ikulola Windows 11 ndipo chilolezo chilimo, musavutike, khalani nayo. Ngati ikukana, musaitaye, ndipo musakongole ndalama kugula ina. Ikanimo Linux. Koma tisabise kanthu: ku masukulu ndi m'maofesi ambiri anthu adazoloŵera Word. Pa Linux timalembera LibreOffice, imene imatsegula makalata a Word, koma nthaŵi zina mizere imasuntha pang'ono. Mwana ayambe wafunsa aphunzitsi ake ngati pali pulogalamu ina imene imafuna Windows yokha.

Tsopano ntchito yeniyeni. Apa mvetserani bwino, pakuti apa ndi pamene anthu amalira.

Kufomata ndi kufufuta. Zithunzi za ukwati, kaundula wa gulu, zolemba za kusukulu, zonse zimapita. Musanalole munthu aliyense kugwira makina, koperani zinthu zanu pa fulashi ina. Mukatero, tsegulani fulashiyo pa kompyuta ina, muone ndi maso anu kuti zilimodi. Musakhutire ndi mau akuti "ndasunga kale". Nenani mwaulemu kuti, "Achimwene, tandionetsani."

Kenaka pafunika fulashi yachiŵiri, yopanda kanthu, ya magigabaiti 8 kapena kuposa, chifukwa nayo idzafufutidwa. Sisitema timaitenga pa intaneti, pa tsamba la eni ake enieni. Njaikulu: Ubuntu 24.04 ndi magigabaiti pafupifupi 6. Ameneŵa ndi mamega ambiri, kaya muli pa Movitel, pa Vodacom, pa Tmcel, kapena mukukoka netiweki ya kutsidya. Choncho m'mudzi umodzi itengedwe kamodzi, ena onse azibwereka fulashiyo. Kungoiponya pa fulashi monga timachitira ndi nyimbo sikukwanira. Pafunika kapulogalamu konga Rufus, kamene kamaikonza fulashi kuti ithe kudzutsa makina.

Batire idzaze, ndipo chaja ikhale pa magetsi. Magetsi akazima ntchito ili pakati, batire nkukhala yotha, makina amatsala opanda kapitao wakale, opandanso watsopano. Zimakonzeka, koma muyambiranso poyamba. Tsiku la mvula ya ziphaliŵali, pamene mitambo yakuta phiri la Tumbine, ntchitoyi isiyeni.

Loŵetsani fulashi, yatsani makina, ndipo nthaŵi yomweyo dinani batani losankhira poyambira. Pa Dell ndi Lenovo kaŵirikaŵiri ndi F12. Pa HP ndi F9. Mukachedwa, zimitsani muyesenso, palibe chimene chaonongeka. Pa mndandanda umene uoneke, sankhani dzina la fulashi.

Ubuntu ali ndi ubwino umodzi umene ife timaukonda kwambiri. Amakulolani kulaŵa musanagule. Mukasankha Chipwitikizi, muona mau aŵiri: Experimentar ndi Instalar. Yambani ndi Experimentar. Sisitema iyenda kuchokera pa fulashi, osakhudza disiki. Yesani mau ngati akumveka, yesani intaneti ngati ikugwira, yesani mabatani onse. Zikakhala bwino, ndiye mupite pa Instalar.

Makina akufunsani mafunso, ndipo apa kuŵerenga kwanu kukugwirani dzanja. Chilankhulo: Português. Pali china cholembedwa Português do Brasil, chimenecho ncha ku Brazil. Malo: Maputo. Mukaloza Blantyre wotchi siilakwa, pakuti ola lathu ndi la ku Malaŵi ndi limodzi. Funso la mabatani ndilo limasokoneza ambiri. Laputopu yochokera kutsidya ili ndi mabatani a Chingerezi, mulibe ç. Mukauza makina kuti mabatani nga Chipwitikizi, zizindikiro zina zidzatuluka zosiyana ndi zimene zalembedwa pa batani. Sankhani mabatani a Chingerezi a mtundu wa internacional. Pamenepo mukadina kanjoka aka ~ kenaka a, mupeza ã wa m'mau akuti mãe ndi pão. Akakufunsani za mapulogalamu, tengani mtolo waukulu, kuti LibreOffice iloŵe lero lomwe popanda kudya mamega.

Funso loopsa ndi la disiki. Mukaona liu lakuti apagar, imani. Ŵerengani kaŵiri. Apagar ndi kufufuta zonse. Pali njira inanso yoika Ubuntu pambali pa Windows, kuti poyatsa muzisankha imene mufuna, koma imafuna disiki yokhala ndi malo okwanira. Amene asankhe pamenepa akhale mwini makina, osati wokonza.

Chomaliza ndi dzina ndi mau achinsinsi. Dzina likhale la mwini laputopu. Mau achinsinsi alembe yekha ndi zala zake, wokonza atayang'ana kumbali. Asakhale chaka chobadwa kapena 1234. Alembeninso m'kope limene limakhala kunyumba, chifukwa mutu umaiŵala.

Kaŵirikaŵiri ntchito yonse imatha ola lisanakwane. Makina akanena, chotsani fulashi, ayambenso okha. Mukapeza intaneti, lolani kuti atenge zigamba zatsopano, ndipo muzichita zimenezi mwezi ndi mwezi. Fulashi ya sisitema musaikemo nyimbo. Isungeni m'chitini chouma pamodzi ndi lisiti la laputopu.

Pa phunziro likudzalo tidzabwera ndi laputopu ndi fulashi. Aliyense adzadina F12 ndi chala chake, ndipo tidzaŵerengera pamodzi mau atatu aja: Experimentar, Instalar, Apagar. Amayi a kumbuyoko, mudzakhale kutsogolo, mudzayambe ndinu.