Mwala Woterera wa mu Likhubula



Aliyense amene adawolokapo mtsinje wa Likhubula pokwera phiri la Mulanje akudziwa kuti mwala wam'madzi umaterera. Ambirife timangodandaula n'kupitirira. Lero ndati tiime pamwala womwewo, pakuti chotereracho ndi chamoyo. Ndi mudzi wa tizilombo tosaoneka ndi maso: mabakiteriya, ndere zing'onozing'ono zokhala m'tizigoba tonga galasi, ndiponso tibowa tomwe timawoletsa masamba ogwera m'madzi. Mawu oti tizilombo asakuopseni, tambiri sitidwalitsa munthu. Timadya zonyansa za m'madzi, mphutsi za tizilombo touluka zimadya ito, ndipo nkhanu ndi nsomba zimadya mphutsizo.

Tsono mudzi umenewu umasintha munthu akamakwera. Pa mamita 1,000 alionse, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Kuchoka m'minda ya tiyi kukafika pa Sapitwa, pa mamita 3,002, mwakwera mamita oposa 2,000. Kumtundako madzi ndi ozizira, amayenda pathanthwe louma losasungunuka msanga, chakudya n'chochepa, dzuwa n'lakuthwa. Kumunsi madzi ndi ofunda ndipo alandira dothi, feteleza ndi zochokera m'midzi. Mtsinje ndi umodzi, koma okhalamo ndi osiyana.

Mwina mukuganiza kuti kumtunda kozizirako mitundu imachepa, monga ichitira mitengo. Si nthawi zonse ayi. M'chaka cha 2011 Jianjun Wang ndi anzake adafalitsa zomwe adapeza mumtsinje wa paphiri la Laojun ku Yunnan, m'dziko la China. Mitundu ya ndere inkachepadi iwo akamakwera, koma ya mabakiteriya inkachuluka. Madzi amodzi, miyala imodzi, mayankho awiri.

Gulu la Tom Battin la ku Switzerland lidayenda m'mitsinje yoposa 150 yochokera m'madzi oundana a pamapiri, kuphatikizapo a Rwenzori ku Uganda. Zomwe lidafalitsa mu 2025 zidaonetsa kuti mabakiteriya ambiri amapezeka m'dera limodzi lokha la mapiri. Apa ndi pamene pandidetsa nkhawa. Dziko likamatentha, tokonda kuzizira timatsala kumtunda kokha, ndipo pamwamba pa nsonga palibenso kokwera.

Pa Mulanje palibe madzi oundana otere. Chimene chimaziziritsa mitsinje yathu ndi mthunzi wa nkhalango ndi nkhungu ya chiperoni. Nanga nkhalangoyo ili kuti? Mkungudza udatha ndi macheka, zotsala zikupita ku makala ndi moto wolusa chaka ndi chaka. Mtengo wam'mbali mwa mtsinje ukagwa, dzuwa limafika pamadzi, masamba omwe tibowa tinkadya amasowa, ndipo mvula imakokolola matope n'kukwirira miyala ija. Amene adaona Phalombe mu 1991, kapena namondwe wa Freddy mu March 2023, akudziwa m'mene mtsinje umapalidwira mpaka pathanthwe. Mudzi wa pamwala umamanganso, komatu omanga ake si omwe aja nthawi zonse.

Ndisanamizire phiri. Kolera yomwe idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno mu 2022 ndi 2023 imafala ndi chimbudzi cha munthu cholowa m'madzi, osati ndi ndere. Koma madzi a matope ndi ovuta kuwayeretsa, amadya mankhwala ambiri, ndipo wolipira ndi inu ndi ine. Ena mwa madzi otuluka m'mipopi ya mu Blantyre amachokera mu Likhubula momwemo, monga a ku Zomba achokera mu Mulunguzi.

Pempho langa ndi laling'ono. Sukulu za sekondale za m'tsinde mwa phiri zipatsidwe choyezera kutentha ndi kope, ana aziyeza madzi malo atatu, kumtunda, pakati ndi kumunsi, mwezi uliwonse, ndipo manambalawo azilembedwa poyera kuti aliyense aziwerenga.

Wapampando, ndaona dzanja kumbuyoko. Ndilekeze pompa, tilandire mafunso.