Musalipile ploti mukalibe kuchita search ku Lands: mau amene tinakamba ku maliketi ya Kamwala

Niziba makasitoma alindila, so sinizachedwa.

Niyambe na nkhani ya pa nyumba pathu. Amai anga ang'ono anagulisa salaula zaka zambili, kuuka na mdima, kukhala pa zuba, kuponya chilimba mwezi na mwezi. Pamene inafika turn yao, munthu wina anabaonesa ploti na pepa ili na stamp. Analipila zonse. Siku yamene anapeleka ma blocks, anapeza munthu wina akumba foundation, title deed ili kumanja. Wogulisa uja foni yake sinalilenso. Ndalama ya zaka zonse zija inasila pa pepa imozi yamene sanaifufuze.

Manje mvelani lamulo. Lands Act ya 1995 ikamba kuti malo onse mu Zambia ali mu manja mwa President, kusungila ise bantu. Imwe mupasiwa lease, kambili ya zaka 99, kupitila kwa Commissioner of Lands. Kansolo imapeleka chabe maina. Chairman wa branch alibe mphamvu yogaba malo, olo ankhale wa chipani chathu chino. Mukumbuke mu 2020 boma inaimika kansolo ya Lusaka na ya Kitwe pa nkhani ya kugaba malo mopanda lamulo. Ngati kansolo yeniyeni ingalakwe so, nanga mnyamata wa tepi na mapegi?

Nchito yofufuza iyi ba loya amaitana search. Mutenga nambala ya ploti, muyenda ku Ministry of Lands pa Mulungushi House, mu Independence Avenue, ku Lands and Deeds Registry. Kuyambila 2023 kuli na system ya pa intaneti, ZILAS. Mulipila, bakupasani printout. Pa printout paja yanganani vintu vitatu.

Choyamba, zina. Kodi yamene ili pa printout ni yamene ili pa NRC ya wogulisa? Ngati akamba ati ni ploti ya malemu atate bake, funsani mapepa ya administrator. Ndipo administrator naye sangagulise nyumba olo ploti ya malemu popanda chilolezo cha khoti.

Chachibili, nkongole. Ngati title ili ku bank, pa printout pazaoneka mortgage. Mukagula, mwagula pamozi na mavuto ya munthu wina.

Chachitatu, caveat. Iyi ni chenjezo yakuti kuli wina amene akamba kuti malo aya naye ali na mbali. Mukaona caveat, bwezani ndalama mu chitenge.

Pepa ikankhala bwino, musalekele pamenepo. Yendani na surveyor aone ngati ma beacon pansi agwilizana na diagram ya mu title. Bantu bambili amanga pa ploti ya neba, bena pa njila ya mseu, pa last ba kansolo babwela kugwesa.

Imwe ogula mu komboni, monga ku Chawama olo Kanyama, nyumba zambili zili pa occupancy licence ya zaka 30, ndipo marekodi yake mufunse ku Civic Centre. Imwe ogula ku Chongwe, kalata ya headman si title. Malo ya mfumu kuti asanduke ya title, pafunika mfumu ivomele, kansolo ivomele, ndiye apite kwa Commissioner of Lands.

Ku boma tikamba ivi. Amai ogulisa tomato sangavale stand masiku atatu kuima pa line, kumva chabe ati system ili down, bwelani mailo. Onjezani anchito ofufuza marekodi, ndipo ikani desk ya search pafupi na mamaliketi, yokamba chinyanja.

Koma imwe musalindile boma. Bale ya salaula simugula mukalibe kuona label na kufunsa grade. Ploti ni ndalama ya ma bale angati? Wogulisa akayamba ati fulumilani, kuli wina afuna kulipila lelo, muuzeni kuti tionana pambuyo pa search. Mwine wazoona azalindila.

Uzani na anzanu a mu chilimba, mugulise bwino.